Tsiku Limene Tinafupa pa Ayisi

Timu imene mwana wanga ankasewera inakhala nyengo zozizira zinayi zokha, ndipo kufikira Loweruka lake lomaliza inali isanalaweko chipambano ngakhale cha m'maloto. Inali timu ya ana ya hoke wa pa ayisi, anyamata ndi atsikana pamodzi. Pa malaya awo panali chithunzi cha chimbalangondo, koma wojambulayo kaya anali ndi changu chanji, chifukwa chinkaoneka ngati khoswe wokhuta. Ife makolo tinkangoti timu ya khoswe, ana ali patali.

Anaiyambitsa ndi bambo wina wa ku Corby, tawuni ina kufupi ndi Leicester kumene timakhala, mzungu wamfupi wa ndevu zofiira, amene anayendetsa folokolifiti yonyamulira katundu m'maweyahausi, zinyumba zosungiramo katundu, mpaka kupuma pa ntchito. Chingerezi chake chinali cha makolo ake a ku Scotland, choti ine ndi digiri yanga yonse ya unamwino ndinkangotolapo mawu awiri kapena atatu, enawo ndinkangogwedezera mutu. Ana ankamuti kochi, nafenso tinatengera. Bwalo lake linali m'chishedi chakale kunja kwa tawuni, pakati pa maweyahausi okhaokha. Denga linkadontha pakona ina, moti pansi pake panali kachulu ka ayisi kamene ana onse ankakadziwa n'kumakazungulira. Alendo okha ndi amene ankagwerapo, ndipo kochi ankati kachuluko ndi wosewera wathu wabwino kuposa onse.

Mwana wanga wamkazi analowa ali ndi zaka khumi. Sukulu yawo ya ku Beaumont Leys, dera lina la Leicester, inawatengera kumeneko tsiku lina kukangotsetsereka, iye n'kubwerako maso ali gwa. Anandipeza ndikusita yunifolomu, nandiuza m'Chingerezi chake cha kuno kuti akufuna kusewera hoke. Ndinati, hoke wake uti? Anati wa pa ayisi. Abale inu, ndinaseka mpaka kukhala pansi, simbi ili m'manja. Ine wobadwira ku Nsanje, kumene madzi amatentha okha mumtsuko, mwana wanga akufuna kukathamanga pamwamba pa madzi ouma, atavala jombo za mipeni kunsi! Ndinamuuza kuti netibolo ilipo, kwaya ilipo. Anangondiyang'ana. Mwana ameneyu anatengera bambo ake, akanena chinthu wanena. Ndipo poti bambo akewo amayendetsa malole ndipo Loweruka sapezeka pakhomo, dalaivala ndinali ine.

Zovala zake tinapatsidwa ndi kochi, zotsala za ana ena amene anakula. Chipewa cha waya kumaso, zotchinga mapewa, zotchinga mawondo, magolovesi akuluakulu ngati a wowotcherera zitsulo. Akavala zonse ndinkamuzindikira ndi kayendedwe kokha. Koma fungo la chikwama chimenecho, mayo ine! Ndinachapa, ndinaviika mu viniga, ndinayanika sabata yathunthu, ndinatsala pang'ono kuitana abusa. Ndagwira ntchito m'mawodi a chipatala zaka zambiri, ndaona zambiri, koma chikwama chija chinkagona kushedi ya kuseri, osati m'nyumba mwanga.

Masewerowo ndinawaphunzira pang'onopang'ono, ndikunjenjemera pa benchi. Mbali iliyonse kumakhala osewera asanu ndi goloboyi. Mpira kulibe. Amalimbirana kamphira kakuda kaphwatalala, kofanana ndi kachitini ka polishi wa nsapato, ndipo ine mpaka lero ndimakatcha kapolishi. Amakamenya ndi ndodo zokhota kumapeto. Amasewera zigawo zitatu. Wina akalakwa, woimbira amamutsekera m'kabokosi ka galasi mphindi ziwiri, timu yake n'kumasewera operewera. Lamulo limeneli ndinalikonda kwambiri, ndinkalakalaka likanakhalapo ku ntchito kwathu.

Ndiye tinagonja, anthuni. Tinagonja kwathu, tinagonja koyenda. Tinagonja kumpoto nditayendetsa maola awiri pa chipale chofewa, tinagonja kummwera nditangochoka pa shifiti osagona. Goloboyi wathu anali kamnyamata kovala magalasi, ndipo magalasiwo ankachita nthunzi m'kati mwa chipewa, moti nthawi zina ankatchinga mbali imene kapolishi sikanapite n'komwe. Tsiku lina tinagoletsa zigoli ziwiri zokongola, zonse m'golo mwathu. Masewero akatha kochi ankasonkhanitsa ana n'kunena kuti lero zakhalako bwino kusiyana ndi sabata yatha. Ankanena zimenezi sabata iliyonse. Ndinawerengera kuti zikanakhala zoona, pofika chaka chachitatu tikanakhala tikusewera ndi mayiko.

Koma ana aja sankasiya. Ankatuluka m'chishedimo tsitsi lili nyowe, masaya akutentha, akukanganirana kuti wagwa mochititsa manyazi kwambiri ndani. Wanga ankasewera kumbuyo, wotchinga. Zaka zinayi zonsezo sanagoletseko, koma akaima pamaso pa mnyamata wamkulu kuposa iye, mnyamatayo ankayamba waganiza kaye. Ine pa benchi ndinkakuwa m'Chichewa, "M'gwetse ameneyo!" makolo achizungu n'kumandiwombera m'manja osadziwa chimene ndanena.

M'chaka chachinayi kochi anatiitana makolo n'kutiuza kuti eni chishedi agulitsa malowo, pakhala weyahausi ina. Mabwalo ena a ayisi anali kutali, ndipo matimu akumeneko anali odzaza kale ndi ana odziwa kusewera. Palibe amene ankafuna makoswe khumi ndi atatu. Timu ithera pa masewero a Loweruka lomaliza la nyengoyo, pakhomo pathu, ndipo tikumana ndi timu imene ulendo wapitawo inatiposa ndi chigoli chimodzi chokha.

Lachitatu la sabata imeneyo ndinamupeza mwana wanga kukhitchini akukulunga tepi watsopano pa ndodo yake. Anali ndi zaka khumi ndi zinayi tsopano, wamtali kundiposa. Osandiyang'ana anati, "Amayi, ndikungofuna tipambane kamodzi. Kamodzi kokha. Ndikadzakula ndizidzati tinapambanapo." Ndinafuna kuponyapo nthabwala monga mwa khalidwe langa, koma nditaona nkhope yake ndinameza. Kenako anawonjezera kuti matimu ena amabwera ndi anthu ambiri owachemerera, ife timangokhala ndi makolo khumi ndi fulasiki ya tiyi.

Apo ndiye anandipatsa ntchito imene ndimaidziwa. Kugoletsa sindingathe, koma kuitana anthu? Lachinayi madzulo ndinali ku Highfields, mu Leicester momwemo, ku msonkhano wa amayi a ku tchalitchi kwathu. Zolengeza zitafika ndinaimirira n'kufotokoza zonse, za chishedi, za khoswe, za zaka zinayi zogonja. Amayi a tcheya, munthu wamkulu amene anandilandira m'dziko lino ndili ndi sutikesi imodzi, anandimvetsera atapinda manja. Nditamaliza anati, "Zaka zinayi mwana akuvutika yekha pa chisanu, inu osatiuza? Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Alembi, lembani, minibasi ya mpingo Loweruka." Mnzanga wa ku Zambia, amene timagwira naye wodi imodzi, anakuwa ali kumbuyo, "Iwe, tizayenda tonse, olo ni pa fuliji!"

Loweruka masana minibasi inaima pakhomo pa chishedi, ndipo munatuluka amayi khumi ndi asanu ndi abambo awiri amene anangokokedwa ndi akazi awo. Majekete awiriawiri, zitenje pamwamba, mabulangete m'khwapa, beseni la mandasi pamutu pa mnzanga wa ku Zambia. Mnyamata wa pakhomo anangotsegula zitseko zonse ziwiri osafunsa kanthu. Mwana wanga atawaona anatsetsereka kubwera m'mphepete, atavala zida zake zonse, nayesa kupinda mawondo kupereka moni kwa amayi a tcheya monga ndinamuphunzitsira. Jombo zinathawa, anakhala pansi phwa! Amayi a tcheya anati, "Ulemu wake ndi umenewu, mwana waleredwa uyu."

Masewero atayamba, amayi a tcheya anandikoka jekete. "Mpira uli kuti?" Ndinawalozera kapolishi. "Kameneko? Ana onsewa akulimbirana kameneko? Bwanji osawagulira aliyense kake?" Mphindi zisanu zoyamba gulu langa linkachemerera aliyense woyenda mothamanga, wathu kapena mlendo, ndipo mwana aliyense akagwa onse pamodzi ankati, "Pepa mwanawe!" Alendo atagoletsa choyamba, amayi atatu anaimba nthungululu. Ndinachita kuyenda mzere wonse kuwaonetsa khoswe pa malaya, kuti athu ndi awa, enawo ndi adani.

Atangomvetsa, chishedi chija chinasanduka china. Wina anayambitsa kanyimbo kopeka pomwepo, kakuti khoswe lowa m'nkhokwe, ena n'kumavomera, manja akuwomba, mapazi akugunda matabwa a benchi. Makolo achizungu anayamba ndi kutiyang'ana cham'mbali, koma pofika chigawo chachiwiri bambo a goloboyi ankavomera nawo, ndazi ili kukamwa. Ana athu, amene anazolowera kusewera ngati ali pa maliro, ankangotembenuka kuyang'ana ku mabenchi. Kenako anayamba kuthamanga ngati alumidwa ndi linthumbu. Tinabweza chigoli. Alendo anagoletsa chachiwiri, ife n'kubwezanso. Ziwiri kwa ziwiri! Kochi ankangoyendayenda akukoka ndevu zake. Ine jekete ndinali nditavula kalekale, thukuta lili kamukamu, m'nyumba ya ayisi.

Chigawo chomaliza, kutatsala mphindi zitatu, kapolishi kanathawa pa chipwirikiti cha pafupi ndi golo la alendo n'kutsetsereka kubwerera chapakati, kumene kunali mwana wanga yekha. Ndinamuona akukweza ndodo. Ndinati mumtima, apatsire mnzake, asachite manyazi pamaso pa mpingo wonse. Sanapatsire. Anakamenya ndi mphamvu zonse za zaka zinayi, kanadutsa pakati pa miyendo ya anthu kaya angati, n'kukagunda ukonde kumbuyo kwa goloboyi wawo. Zitatu kwa ziwiri. Mwana wanga. Wanga ine!

Tsopano apa ndiyenera kunena zoona, chifukwa nkhaniyi amaikamba mosiyanasiyana ku tchalitchi, ena amanamizira mnzanga wa ku Zambia. Woyamba ndinali ine. Kwathu munthu akavina bwino sumuwombera m'manja mouma, umamufupa. Pa ukwati, pa chinkhoswe, mwana akalakatula bwino pa sukulu, umatulutsa kangachepe n'kumuponyera, aone kuti mtima wako wasefukira. Sindinaganize n'komwe. Dzanja linalowa lokha m'thumba la jekete, linapeza makobidi amene ndimasungira makina a poimika galimoto, ndipo ndinangoona akuuluka pamwamba pa galasi lotchinga bwalo, ine ndikuimba nthungululu imene sindinaimbepo chichokereni ku Nsanje.

Amayi anzanga sanafune kuuzidwa. Zikwama zinatseguka mzere wonse. Amayi a tcheya anamasula mfundo ya chitenje modekha, ngati ali pa chopereka, n'kuponya ndi dzanja lawo lamanja lamphamvu. Abambo awiri aja, amene anakhala chete masana onse, anaimirira n'kukhuthula matumba a mathalauza. Makobidi anagwa ngati matalala, ngwee ngwee ngwee pa ayisi, ena akugudubuzika mpaka kugolo. Mnzanga wa ku Zambia analibe zachitsulo, anaponya ndazi. Tinkavina, tinkakumbatirana, bulangete la wina linali m'mwamba. Sindinasangalalepo chotero m'dziko lino, ngakhale tsiku limene mapepala athu otiloleza kukhala kuno anatuluka.

Wezulo inalira katatu, mokwiya. Nditayang'ana pa bwalo ndinaona kuti palibe mwana amene akusuntha. Woimbira, mtsikana wamng'ono ndithu, anatambasula manja kuti aliyense aime pamene ali. Kochi anabwera mpaka pa galasi patsogolo pathu, nkhope itafiira kuposa ndevu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zinayi ndinamva mawu ake onse, limodzi ndi limodzi. Anati mpeni wa jombo ukaponda khobidi, mwana amagwa chamutu ali pa liwiro. Anati makobidi ochoka m'thumba ndi ofunda, amasungunula ayisi n'kumira, kenako n'kuumiramo. Ine namwino, amene ndimadziwa bwino chimene mutu wa mwana umachita ukagunda pansi, ndinangoti kukamwa yasa.

Masewero anaima nthawi yaitali. Ana a matimu onse awiri anagwada n'kumakwawa, akutola makobidi n'kumaponya m'chipewa cha goloboyi. Bambo wosamala bwalo anabwera ndi kampeni ndi botolo la madzi, kukolopola omira aja n'kumatseka maenje. Ndazi anaitola woimbira mwiniwake, naiyang'ana mbali zonse. Amayi a tcheya anandinong'oneza, "Kodi talakwa?" Ndinati, "Talakwa, mayi." Anati, "Nanga iwowa mwana akachita bwino amatani?"

Kenako woimbira anapita kwa kochi, ndipo ndinaona kochi akugwira mutu. Bambo a goloboyi anandimasulira: ochemerera a timu ya pakhomo akaponya zinthu m'bwalo, chilango chimagwera timuyo. Mphindi ziwiri m'kabokosi. Wosewera mmodzi mwa amene anali pa ayisi akakhale, kochi asankhe. Kochi anayang'ana ana ake asanu, akusowa woloza. Sanafike posankha. Mwana wanga anatembenuka yekha, natsetsereka pang'onopang'ono kupita kukabokosi, nadzitsekera chitseko.

Kabokosiko kanali tsidya lina, moyang'anizana ndi benchi yathu. Anakhala pansi, ndodo pakati pa mawondo, n'kundiyang'ana kudzera mu waya wa chipewa. Sanayang'ane masewero. Anayang'ana ine. Ndinalakalaka kachulu ka pakona kaja katandimeza.

Anayi athu analimbana ndi asanu. Wotchinga wabwino kuposa onse ali m'kabokosi chifukwa cha amake. Nyimbo inali itatha, mzere wonse unali pa pemphero, amayi a tcheya atagwira dzanja langa mpaka kundipweteka. Goloboyi wathu anatchinga koyamba ndi mwendo. Anatchinga kachiwiri ndi chipewa, mwina mwangozi. Mphindi imodzi inatha. Kamtsikana kena kathu kakang'ono kanadzigwetsa patsogolo pa kapolishi n'kukatchinga ndi mimba. Ndinayamba kukhulupirira. Ndinati Ambuye, mukandipulumutsa apa, sindidzaponyanso kanthu moyo wanga wonse, ngakhale pa ukwati wa mwana yemweyu. Kutatsala timasekondi towerengeka kuti chilango chithe, mnyamata wa alendo anapezeka ali yekha pamalo pamene mwana wanga amaima nthawi zonse. Anagoletsa.

Mwana wanga anatuluka m'kabokosi, anathamanga mphindi yotsalayo ngati wamisala, koma wezulo yomaliza inalira zili zitatu kwa zitatu.

Ndiye taonani zodabwitsa. Ana athu anataya ndodo m'mwamba n'kuunjikana pa goloboyi, akukuwa. Sanagonje! Koyamba chiyambire timu, sanagonje! Kochi, yemwe uja wondikalipira, ankavina yekha pa benchi, misozi ili m'ndevu. Makolo achizungu ankatigwira manja, mayi wina anandikumbatira n'kunena kuti popanda nyimbo zathu sitikanafika n'pomwe pamenepo. Amayi a tcheya anapita okha kwa woimbira kukapepesa mwaulemu wonse, namusiyira mandasi otsala m'pepala. Makobidi otoledwa aja anawapereka kwa kochi, iye akukana, iwo akuumirira kuti zofupa sizibwerera. Minibasi inanyamuka ikuimba za khoswe ndi nkhokwe mpaka kukhota pa msewu.

Mmodzi yekha ndi amene sanalowe m'mulu uja. Anagwirana chanza ndi alendo, anakumbatira kochi, anakavula zida zake, n'kukalowa m'galimoto. Chikwama anachiika pampando wakumbuyo, osati m'buti, ndipo ine sindinayerekeze kudandaula za fungo.

Tinadutsa maweyahausi onse. Tinadutsa minda. Ndinayesa kutsegula wailesi, iye anaitseka. Titayandikira Leicester, magetsi a mumsewu akuyamba kuyaka, anayankhula akuyang'ana pawindo.

"Munayamba ndinu. Ndinakuonani."

"Ndinayamba ndine, mwanangu. Pepa. Ndakulanda chinthu chako."

"Tikanapambana."

"Mukanapambana."

Kenako anafunsa kuti kwathu amafupa ndani, aliyense? Ndinati ayi, amafupa amene wachita chinthu mpaka anthu kuiwala kuti ndalamazo anazisungira china. Anafunsa ngati ine anthu anandifupapo. Ndinati kamodzi, pa ukwati wanga, koma pamenepo amafupa ngakhale wovina ngati thumba la chimanga. Ndinaona pakona pa mlomo wake pakugwedezeka, koma anadziletsa.

"Ndiye nditagoletsanso, mungaponyenso?"

Ndinakumbukira lonjezo langa kwa Ambuye, ndinakumbukira nkhope ya kochi, ndinakumbukira maso aja m'kabokosi. Ndinafuna kunama, koma mwana ameneyu sanamizika.

"Ndingaponyenso," ndinatero. "Ndingayesetse kudzigwira, koma ndikudzidziwa."

Anaseka, kuseka kwenikweni, mutu atautsamiritsa pa galasi. Nanenso ndinaseka, mtima unayamba kutsika. Ndiye kuseka kwake kunangoduka.

"Palibenso kogoletsa, amayi. Lolemba akuzimitsa mafiriji oumitsa ayisi."

Ndinapatutsa galimoto n'kuima, chifukwa kutsogolo sindinkaonanso bwino. Iye anafufuza m'thumba la chitseko, napeza kathishu kakale, nandipatsa.

"Musalire apa," anatero. "Mwaima pa malo a basi."

Tinakhala pomwepo awiriwiri mpaka basi inafika kumbuyo n'kutiimbira huta.